KUCOKA KU KOLEJI KUPITA KU YUNIVESITI: MBIRI YA NJIRA IMENEYI M'ZAMBIA

Caka ciri conse acinyamata ambiri amene anatsiriza dipuloma ku koleji amalemba makalata ofunsira malo ku yunivesiti. Ena ndi aphunzitsi, ena anamwino, ena anaphunzira za ulimi kapena za makina. Onsewa amakhala ndi nkhawa imodzi: kodi adzandilandira, ndipo kodi zaka zimene ndinathera ku koleji adzaziwerengera, kapena ndidzayambiranso pansi? Nkhawa imeneyi makolo athu anali nayo kale, pa nthawi imene m'dziko muno munalibe yunivesiti ngakhale imodzi. Tiyeni tione m'mene njira imeneyi inatsegukira.

Nthawi ya Atsamunda

Pamene dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia, sukulu zambiri za anthu akuda zinali m'manja mwa mamishoni. Kuno kum'mawa a Dutch Reformed Church anayamba nchito pa Magwero m'caka ca 1899, ndipo mipingo ina inatsegula sukulu zao m'madera ena. Mwana wanzeru akatsiriza Sitandadi 6, maphunziro apamwamba amene anali pafupi naye anali a uphunzitsi, a ubusa kapena a nchito zamanja. Sukulu ya sekondale yoyamba ya Boma ya anthu akuda, Munali ku Lusaka, inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Koleji ya aphunzitsi ya Chalimbana inayambanso nthawi yomweyo.

Tsono munthu wofuna digiri anayenera kutuluka m'dziko. Ena anapita ku Fort Hare ku South Africa, ena ku Makerere ku Uganda, ndipo owerengeka anaoloka nyanja kupita ku Britain, ku India kapena ku America. Ulendo wotere unafuna ndalama zimene makolo a kumudzi analibe, kotero wophunzira anadalira basale ya Boma la atsamunda, thandizo la mishoni kapena munthu wina wacifundo.

Anthu Atatu, Njira Zitatu

Harry Mwaanga Nkumbula anaphunzira pa Kafue Training Institute ya a Methodist ndipo anakhala mphunzitsi zaka zingapo. M'caka ca 1946 anapita ku Makerere mothandizidwa ndi Sir Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu. Kucokera kumeneko anapita ku London, kumene analandira dipuloma pa Institute of Education, nalowanso pa London School of Economics. Digiri sanaitsirize. Nthawi yake yambiri inathera pa kutsutsa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, nchito imene anagwira pamodzi ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda. Anabwerera kwao mu 1950, ndipo mu 1951 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa African National Congress.

John Mwanakatwe anatenga njira ina. Atacoka pa Munali anapita ku Adams College ku Natal kukaphunzira uphunzitsi. Atabwerako sanakhutire ndi satifiketi yake. Ali kuphunzitsa ana usana, madzulo anali kuwerenga mabuku a University of South Africa, yunivesiti yophunzitsa anthu kudzera m'makalata, kufikira analandira digiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Mu 1964 anakhala Nduna ya Maphunziro yoyamba ya dziko la Zambia.

Wacitatu ndi Lameck Goma wa ku Lundazi. Iye anadzera pa Lubwa ndi pa Munali, napita ku Fort Hare, kenaka ku Cambridge ndi ku London, nakhala katswiri wa sayansi ya zamoyo. Mu 1969 anakhala Mzambia woyamba kutsogolera University of Zambia pa udindo wa Vice-Chancellor.

Taonani kuti mwa anthu atatuwa palibe amene anacoka pa sukulu ya kwao ndi kulowa yunivesiti ya m'dziko lake. Onse anakwera pang'ono pang'ono, kucoka pa sukulu ina kupita pa ina, ndipo pa khomo liri lonse anayenera kuonetsa mapepala a kumene anacokera.

Yunivesiti ya ku Salisbury

Pa nthawi ya Citaganya, imene inayamba mu 1953, kunatsegulidwa University College of Rhodesia and Nyasaland ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Ophunzira oyamba analowa mu 1957. Koleji imeneyi inayenera kutumikira maiko onse atatu, ndipo madigiri ake anali a University of London. Koma kuti munthu alowemo anafunika kupambana mayeso a Fomu 6, pamene sukulu za anthu akuda zokhala ndi Fomu 6 m'dziko muno zinali zocepa kwambiri. Cifukwa ca ici, ana a Northern Rhodesia amene analowamo anali owerengeka. Pamene tinalandira ufulu pa 24 October, 1964, Azambia okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 cabe m'dziko lonse.

Kubadwa kwa University of Zambia

Mu 1963 Boma linaitana gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood wa ku London kuti lione ngati kunali kotheka kumanga yunivesiti kuno. Gululo linati nkotheka, ndipo linapereka malangizo amene anasintha moyo wa acinyamata ambiri. Loyamba linali lakuti yunivesiti ikhale yodziimira yokha, yopereka madigiri akeake. Laciwiri linali lakuti ophunzira azilowa atapambana mayeso a School Certificate, osadikira Fomu 6, ndipo digiri ikhale ya zaka zinayi. Lacitatu linali lakuti anthu amene ali pa nchito apatsidwe mwai wophunzira kudzera m'makalata.

Lamulo lokhazikitsa yunivesiti linapangidwa mu 1965. Anthu wamba m'midzi ndi m'matauni anasonkha ndalama, ndipo ena anapereka nkhuku ndi mbuzi kuti nchito iyambe. Pa 17 March, 1966 ophunzira 312 anayamba maphunziro pa Ridgeway ku Lusaka, m'nyumba za Oppenheimer College of Social Service, koleji imene inalowetsedwa m'yunivesiti yatsopanoyo. Chancellor woyamba anali President Kenneth Kaunda, ndipo Vice-Chancellor woyamba anali Douglas Anglin wa ku Canada. Pambuyo pake yunivesiti inasamukira ku malo ake akulu pa mseu wa Great East.

Maphunziro a m'makalata anathandiza kwambiri aphunzitsi ndi makalaliki. Mphunzitsi wa ku Chadiza kapena ku Kalabo anatha kulandira zophunzira pa positi, ndi kupita ku Lusaka milungu yocepa pa caka kukaonana ndi omuphunzitsa. Panalinso khomo la acikulire, amene anali kulemba mayeso apadera olowera ngakhale anasiya sukulu kale.

Makoleji Ogwirizana ndi Yunivesiti

Sukulu za sekondale zitaculuka pambuyo pa ufulu, aphunzitsi anasowa. Boma linatsegula koleji ya aphunzitsi a sekondale ku Kabwe mu 1967, imene inadzachedwa Nkrumah, ndi ina ku Kitwe, Copperbelt Secondary Teachers' College. Makoleji amenewa anagwirizana ndi University of Zambia, imene inali kuyang'anira maphunziro ndi mayeso ao. Apa ndi pamene mlatho weniweni unamangidwa. Popeza yunivesiti inadziwa cimene cinali kuphunzitsidwa ku koleji, inali ndi maziko okhulupirira dipuloma ya wofunsira malo ndi kumcotsera maphunziro ena amene anawacita kale.

Koma malo anali ocepa. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975 cuma ca dziko cinabwerera pansi, ndipo kwa zaka zoposa 20 Zambia inali ndi yunivesiti imodzi yokha. Yaciwiri, Copperbelt University ku Kitwe, inakhazikitsidwa mu 1987 kucokera ku nthambi ya University of Zambia, ndipo mu 1989 koleji ya Zambia Institute of Technology inalowetsedwa m'menemo. Ambiri a madipuloma anakalamba pa nchito ali kudikira malo.

Makoleji Asanduka Mayunivesiti

Lamulo la 1992 linalola anthu ndi mabungwe kutsegula mayunivesiti ao, ndipo m'zaka za m'ma 2000 anayamba kuoneka, ena a mipingo monga Rusangu ya a Adventist kufupi ndi Monze ndi Zambia Catholic University ku Kalulushi. Koleji ya zaubusa ya Justo Mwale ku Lusaka nayonso inakwezedwa kukhala yunivesiti. Boma linacitanso cimodzimodzi: Mulungushi University inatsegulidwa mu 2008 pa malo a koleji ya ku Kabwe, ndipo m'zaka za m'ma 2010 Nkrumah, Chalimbana ndi koleji ya aphunzitsi ya ku Kitwe, imene tsopano ndi Mukuba, zinakhala mayunivesiti.

Kuculuka kwa sukulu kunabweretsa bvuto latsopano, pakuti si sukulu iri yonse yokhala ndi cikwangwani imene ili yoona. Cifukwa cake Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Zambia Qualifications Authority mu 2011, bungwe lolembetsa ndi kutsimikizira mapepala a maphunziro, ndi lamulo la 2013 limene linakhazikitsa Higher Education Authority, yolembetsa ndi kuyang'anira mayunivesiti. Makoleji a nchito zamanja ndi zamalonda ali pansi pa TEVETA, imene lamulo lake linapangidwa mu 1998.

Cimene Mbiri Imeneyi Itiuza

Inu acinyamata amene muli ku koleji kapena mukuganiza zolowako, mbiri imeneyi ionetsa kuti yunivesiti imawerengera zaka za munthu pokhapo ngati ikhulupirira sukulu imene iye wacokerako. Tsono musanalipire ngwee iri yonse, funsani ngati kolejiyo ndi yolembetsedwa, ndiponso ngati phunziro lomwe mufunalo ndi lobvomerezedwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Polemba kalata yofunsira malo, mudzafunika satifiketi ya sekondale, dipuloma yanu, ndi cikalata ca ku koleji coonetsa maphunziro onse amene munacita ndi m'mene munakhozera caka ndi caka. Kawirikawiri yunivesiti imafunabe makirediti asanu a mayeso a sekondale, kuphatikizapo Cingerezi, ngakhale kwa munthu wa dipuloma. Amene anaperewera angathe kulembanso mayeso a GCE. Dziwaninso kuti kucotseredwa maphunziro sikubwera kokha. Muyenera kupempha, ndipo yunivesiti iri yonse ili ndi malamulo akeake pa nkhani imeneyi, kotero funsani ku ofesi yolandira ophunzira nthawi isanathe. Sungani mapepala anu bwino, pamodzi ndi ndondomeko ya zimene munaphunzira, pakuti ndizo zidzakulankhulirani.

A Mwanakatwe analandira digiri yao pa positi ali kuphunzitsa, ndipo a Goma anadzera m'maiko acilendo asanabwere kudzatsogolera yunivesiti ya kwao. Inu muli ndi mayunivesiti m'zigawo zingapo za dziko lanu lomwe. Dipuloma imene muli nayo, ngati ndi yoona ndipo munaikhoza bwino, ingathe kukufikitsani kumeneko.