Mabuku Osiyana, Dzina Limodzi: "Blue Book"

Pali dzina limodzi limene ndakhala ndikukumana nalo m'mabuku a mbiri yakale, ndipo ndaona kuti ndi bwino tikambirane pa tsamba lathu lino. Dzinalo ndi "Blue Book," kunena kuti buku la chikuto cha buluu. Munthu angaganize kuti ndi buku limodzi, koma ayi ndithu. Alipo ambiri, ndipo ena sagwirizana n'komwe.

Ku America dzinali linapatsidwa kwa buku lothandiza apaulendo. Automobile Blue Book inayamba kutuluka mu 1901, pamene misewu ya kumeneko inalibe manambala. Bukuli linkalondolera woyendetsa galimoto monga momwe timachitira kumudzi: ukayenda mamailosi akuti upeza tchalitchi, ukhote kumanja, ukawoloka mlatho ukhote kumanzere. Misewu ikuluikulu itapatsidwa manambala mu 1926, ntchito ya bukuli inayamba kuchepa. Chaka chomwecho wogulitsa magalimoto wina wa ku Los Angeles, Les Kelley, anatulutsa Blue Book yakeyake yonena mitengo ya magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito. Ophunzira zamalamulo kumeneko alinso ndi Bluebook yawo, yowaphunzitsa katchulidwe ka milandu ndi malamulo polemba. Ku London nako mu 1918 kunabadwa ma Blue Guide a alendo oona malo, oyambitsidwa ndi Findlay Muirhead amene kale ankagwira ntchito ku kampani ya Baedeker ya ku Germany.

Onsewa ndi mabuku othandiza mwini wake amene wagula. Koma pali Blue Book ya mtundu wina, imene inkalembedwa ponena za anthu amene sankaiwerenga.

Nyumba ya malamulo ya ku Britain inkakuta malipoti ake ndi chikuto cha buluu. Kuyambira m'ma 1820, bwanamkubwa wa dziko lililonse lolamulidwa ndi Angerezi ankayenera kutumiza ku London buku lotere chaka ndi chaka. Nyasaland nayo inali ndi Blue Book yake, yokonzedwa ku Zomba. M'menemo munkalembedwa ndalama za msonkho, mayina ndi malipiro a akuluakulu a boma, chiwerengero cha anthu, masukulu, akaidi, ndiponso fodya, thonje ndi tiyi wotumizidwa kunja. Agogo athu alimo m'mabukuwa, koma ngati manambala chabe. Wokhometsa msonkho ali ndi dzina, wokhoma msonkho alibe. Komabe sindingawanyoze mabukuwa, chifukwa wofufuza mbiri ya dziko lino sangawalambalale.

Imene imandikhudza mtima kwambiri ndi ya ku Wales. Mu 1847 boma linasindikiza lipoti la maphunziro a kumeneko m'mabuku atatu a buluu. Analemba ndi amuna atatu, Lingen, Symons ndi Johnson, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankalankhula chinenero cha anthu a ku Wales. Zina zimene anapeza zinali zoona: masukulu anali osauka, aphunzitsi ambiri osaphunzitsidwa ntchito, ndipo ana ankaloweza Chingerezi chimene sankachimva. Koma iwo sanalekere pomwepo. Analemba kuti anthuwo ndi mbuli, aulesi ndi a makhalidwe oipa, makamaka akazi, nati gwero lake ndi chinenero chawo ndi matchalitchi awo osakhala a Anglican. Anthu anapsa mtima kwabasi. Mu 1854 Robert Jones Derfel analemba sewero lotchedwa Brad y Llyfrau Gleision, kutanthauza chiwembu cha mabuku a buluu, ndipo nkhaniyi imadziwikabe ndi dzina limeneli.

Chomvetsa chisoni n'chakuti makolo ambiri anakhulupirira kuti mwana sangatukuke ndi chinenero cha amayi ake. M'masukulu ena munali kamtengo kotchedwa Welsh Not, kamene ankakoloweka m'khosi mwa mwana wogwidwa akulankhula chakwawo. Iyeyo ankatchera khutu kuti agwire mnzake amupatsire, ndipo wotsala nako pomaliza ndiye ankalandira chilango. Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife? Ambiri a msinkhu wanga, m'masukulu osiyanasiyana, tinavalapo chikwangwani kapena kukumba dzenje chifukwa cha mawu amodzi a Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao otuluka mwangozi pabwalo. Sindikutsutsa Chingerezi, pakuti chatidyetsa ambiri a ife. Chimene ndimadana nacho ndi kusandutsa mwana kukhala kazitape wa mnzake, ndi kumuphunzitsa kuchita manyazi ndi mawu a agogo ake.

Anthu a ku Wales sanachitaye chinenero chawo. Lero ali ndi masukulu ophunzitsa maphunziro onse m'chinenerocho, kuyambira pulayimale mpaka sekondale, ndipo lamulo la mu 2011 linachivomereza kukhala chinenero cha boma m'dziko lawo, patatha zaka 164 chitulukire mabuku atatu aja.