Nkhawa za ophunzira a m'makoleji (boma la Mwanza)

Nkhawa ndi kupanikizika kwa maganizo kumene kumabwera mavuto akachuluka kuposa mphamvu za munthu. Zizindikiro zake ndi kusowa tulo, mutu wosatha, kupsa mtima msanga ndi kuwerenga osagwira kanthu.

Achinyamata ambiri a ku Mwanza amakaphunzira kutali ndi kwawo: ku MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, kapena ku UNIMA ku Zomba. Zimene zimawasautsa kwambiri ndi fizi, lendi, chakudya ndi mayeso. M'mabanja odalira manachesi, ndalama imaoneka nyengo yokolola yokha, pomwe sukulu imafuna ndalama chaka chonse. Ena amathandizidwa ndi ngongole za bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board.

Njira zabwino zochepetsera nkhawa ndi kugona mokwanira, kuwerenga pang'onopang'ono semesita yonse, kusewera mpira, kupemphera, kugawa ndalama ya mwezi isanathe, ndi kuuzako mnzako kapena mlangizi wa pakoleji. Mowa, chamba ndi kubetcha zimangowonjezera mavuto.

Nkhawa ikapitirira milungu ingapo, kapena munthu akayamba kuganiza zodzipha, apite msanga kuchipatala cha boma la Mwanza. Odwala matenda aakulu a maganizo amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital.