Zoumba za Bitossi

Bitossi ndi fakitale ya zoumba ya ku Montelupo Fiorentino, pafupi ndi mzinda wa Florence ku Italy. Inakhazikitsidwa ndi Guido Bitossi mu 1921, koma mbiri yake inamveka Aldo Londi atayamba kutsogolera ntchito ya luso mu 1946. Mu 1959 Londi anatulutsa zoumba zotchedwa Rimini Blu: mavazi, mbale ndi tinyama tokongoletsera m'nyumba, zonse zobiriwira ngati nyanja.

Amene anakulira ku Phalombe, nkumaona mayi akulemba mizere pakhosi pa mtsuko dothi lisanaume, sangadabwe ndi zoumbazi. Amisiri a Londi nawonso ankadinda timizere ndi timadontho pamanja, dothi likadali lofewa. Kusiyana kuli pa moto. Mtsuko wa kumudzi amauotcha panja ndi nkhuni, ndipo madzi amakhala ozizira chifukwa dothi limatuluka thukuta. Chiwiya cha Bitossi amachipaka mankhwala amene amasungunuka mu uvuni nkuuma ngati galasi, ndipo amakhuthala m'maenje a zodindazo, mtundu nkuderako pamenepo. Kukongola kwake kwenikweni kuli pomwepo.

Zoumba zambiri za Bitossi zinkagulitsidwa ku America kudzera ku kampani ya Raymor. Wosonkhanitsa zoumba zakale amayamba watembenuza chiwiya: zakale zambiri zili ndi mawu oti Italy ndi nambala zolembedwa pamanja kunsi, osati dzina la fakitale. Rimini Blu akuumbabe mpaka lero, choncho mtundu wokha sutsimikiza kuti chiwiya nchakale. Chong'aluka kapena chomatidwa mtengo wake umatsika kwambiri.