Nthambo za ku Luanshya

Adzukulu anga, inu munabadwa mapolo a malaiti ataima kale m'mbali mwa msewu wa Great East, ndiye mumaona ngati nthambo zinamera zokha. Ife kuno ku Chongwe, m'dziko la Amfumu Nkomeshya, tinakula ndi koloboyi. Magetsi tinkakawaona ku Lusaka.

Musamve za anthu kuti luso la mkuwa linabwera ndi azungu. Mu 1960, anthu akukumba pa Ing'ombe Ilede, kufupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, anapeza manda akalekale. Munali mitanda ya mkuwa, zibangili, ndi zitsulo zokokera waya. Makolowo ankalowetsa mkuwa pakabowo n'kuukoka ndi mbaniro mpaka uwonde. Mzungu anali asanaponde kumeneko, ana inu!

Koma m'nthawi ya atsamunda, mkuwa wa ku Migodi unkakwera sitima kupita kutsidya kwa nyanja. Kumeneko ankaukoka, kuuveka mphira, n'kudzatigulitsa pamtengo wawo. Tinali ngati mlimi amene wagulitsa chimanga chonse pokolola, Januwale akafika n'kumagula ufa wa m'mapamela.

Ufulu tinalandira mu 1964. Chaka chotsatira Ian Smith wa ku Rhodesia anaukira Britain, ndipo katundu wodzera ku Rhodesia anayamba kuvuta. A Kaunda anaona kuti dziko lopanda doko liyenera kudzipangira zake. Mu 1968, chaka chomwe analengeza ku Mulungushi zoti boma litenge gawo lalikulu m'makampani, kunabadwa Metal Fabricators of Zambia, imene tonse timangoti Zamefa. Anaimanga ku Luanshya, pakhomo penipeni pa mgodi. Boma linalowamo kudzera mu kampani yake ya Indeco, ndipo Phelps Dodge ya ku America inabweretsa luso. Kampani ya magetsi ya Zesco itakhazikitsidwa mu 1970, makina a ku Kafue Gorge n'kuyamba kuzungulira, nthambo zinafunika paliponse.

Ntchito yake ndi yomwe ija ya makolo, kungoti tsopano amakoka ndi makina. Amasungunula mapale a mkuwa, n'kutulutsa ndodo yaitali yonenepa ngati pensulo. Ndodoyo imadutsa m'mabowo, lililonse laling'ono kuposa linzake, mpaka isanduke waya. Akatero amapota mawaya angapo pamodzi, kuwakuta ndi pulasitiki kuti asagwire munthu, n'kuwakulunga pa zigudumu zikuluzikulu.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, dziko linasauka. M'nthawi ya a Chiluba makampani a boma anagulitsidwa, ndipo ambiri sanadzukenso. Fakitale ya mabatire ya ku Mansa inatseka zitseko. Mgodi wa Luanshya womwe unaima cha m'ma 2000, mabanja n'kugona ndi njala. Zamefa inapirira. Mu 1996 inagwa m'manja mwa Phelps Dodge, mu 2004 masheya ake anayamba kugulitsidwa pa msika wa ku Lusaka, mu 2007 inapita kwa General Cable, ndipo mu 2016 inagulidwa ndi Reunert ya ku Joni. Eni ake asintha katatu, koma manja okoka waya ndi a ana athu, ndipo ndodo zake zimagulidwa mpaka ku Kenya.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Zamefa imakoka kagawo kochepa chabe ka mkuwa wathu. Mukadzapita ku Chirundu, mudzaone malole ali pamzere, atasenza mapale osakokedwa. Chonsecho midzi ina ya kuno kwathu, kulowera ku Rufunsa, nthambo sinafikebe.