Za Kumira kwa Sitima ya Vipya

Ife a ku Thyolo, okhala pakati pa minda ya tiyi, tiri kutari ndi nyanja. Koma mbiri ya Vipya iri yathu ndithu. Pakuti kampani ya Nyasaland Railways, imene inkanyamula tiyi wathu pa Luchenza kumka naye ku Beira, ndiyonso inali mwini wace wa sitima ya pamadziyo.

Vipya anamangidwa ku Scotland, nabwera m'zidutswa, nalumikizidwa ku Monkey Bay. M'caka ca 1946 anayamba kunyamula anthu, ndipo a m'mbali mwa nyanja anakondwera, poyesa kuti mabvuto a ulendo atha. Koma pa ulendo wace wacinai wokha, pa 30 July, atacoka ku Mbamba Bay kuoloka kumka ku Florence Bay, kumene lero titi Chitimba, anakomana ndi mwera waukali. Mafunde anamgwetsera pambali, madzi nalowa, namira kufupi ndi gombe la kunsi kwa Livingstonia. Anthu 145 anatsikira m'madzimo, ndi kapitao wa sitimayo, Farquharson, pamodzi nao.

Tsono tifunse: kodi anapha anthuwa ndi mwera wokha? Iai. Mwera uomba caka ndi caka m'miyezi ya cisanu, ndipo asodzi a mabwato audziwa, naulemekeza. Pofufuza mlanduwo panaoneka manja a anthu. Ena anatsutsa omanga, nati sitimayo inalemera kumwamba koposa kunsi, kotero kuti siikakhoza kudzuka itapendekeka. Ena anatsutsa woyendetsa, popeza analimbika ulendo nyanja itakalipa. Ndipo apaulendo osauka, okhala m'zipinda za pansi, ndiwo anasowa poturukira pamene madzi anafika.

Cifukwa cace tsoka lotere silibadwa tsiku limodzi. Liyamba pamene wina aona colakwa nakhala cete, poopa mkulu; likula pamene mkulu ayesa kucenjezedwa cipongwe. Makolo athu anati safunsa anadya phula.

M'caka ca 1951 Ilala analowa m'malo mwa Vipya, koma akufawo sanabwerere kwao. Nanga ife? Amene mwa ife apatsidwa kusunga moyo wa anzace, kapena pa galimoto wonyamula anchito, kapena pa makina a m'fakitale ya tiyi, kapena pa bwato loolotsa anthu pa Ruo, achere khutu pamene wamng'ono anena, Pano pali coopsya. Ndipo wamng'onoyo asaope kunena. Pakuti madzi akatayika saoleka.