Njira ya Kudambwe m'Mapiri a Ntchisi ndi Dowa

Chimanga chikaloŵa m'nkhokwe, mwera nkuyamba kuomba m'mapiri a Ntchisi, ng'oma ya mbalule imamveka usiku kutsidya kwa madambo. Mlendo wodutsa amayesa kuti ndi maseŵera a anthu okhuta. Koma akuluakulu a mwambo amautcha Gule Wamkulu pemphero lalikulu, pakuti kwa iwo guleyu ndi njira imene munthu amayendamo kuchokera paubwana kufikira tsiku limene iye mwini adzasanduke mzimu wa makolo.

Mitundu ina nayonso idafunafuna njira yotere. Ku London m'chaka cha 1888 kudabadwa bungwe lachinsinsi lotchedwa Golden Dawn, limene anthu ake ankakwera makwerero ndi makwerero a miyambo, atavala mikanjo, pofuna kuyeretsa mzimu wawo. Kusiyana kwake nkwakuti Mngelezi ankakwera yekha, kudzifunira yekha nzeru. Mcheŵa sakula yekha. Amakulira mudzi, ndipo mudziwo ndiwo umaona ngati wakuladi.

Chiyambi cha nkhaniyi chili pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama. Nthano ya makolo imati Chauta, anthu ndi nyama adakhala pamodzi mwamtendere kufikira munthu atapeka moto. Tchire lidapsa, nyama zidathaŵa ndi mkwiyo, Chauta nakwera kumwamba. Wansembe wofufuza za miyambo, Matthew Schoffeleers, adaona kuti zilombo zikatuluka m'nkhalango kudzavina pabwalo, anthu nkuziimbira ndi kuzipatsa moŵa, udani wakalewo umayamba waleka kwa kanthaŵi. Bwalo limasanduka dziko monga lidaliri moto usanabuke.

Mnyamata amaloŵa m'zimenezi mwa kugula njira. Phungu wake amamtengera kudambwe, pafupi ndi manda, atammanga nsalu kumaso, nkhuku ili m'manja. Zinsinsi za kumeneko nza eni ake, ndipo wailesi si malo oziululira. Koma mwambo umene amalangizidwa ngwodziŵika kwa aliyense, chifukwa umaonekera m'makhalidwe: kusaloŵa kuchipinda kwa makolo, kupatukira akulu panjira, kusunga pakamwa, kusathaŵa zovuta zikagwa m'mudzi. Nkosayenera kubisa kuti mwana wamwano ankalaŵa mkwapulo woŵaŵa, ndipo ena ankabwerako ndi zipsera. Atsikana nawo ali ndi njira yawo m'manja mwa anamkungwi, kuyambira pachinamwali mpaka pachisamba, mimba yoyamba ikaoneka.

Koma kugula njira nkuyamba chabe. Munthu amaphunzira zaka zambiri tanthauzo la chilombo chilichonse: Chadzunda, tate wa zilombo zonse, woyenda motsimphina ndi ukalamba, Kasiyamaliro, mayi wamkulu woperekeza akufa, Njovu, imene situluka wamba koma pa mwambo wa mfumu. Ena amafika pokhala atsabwalo kapena akunjira, osunga malamulo a gule. Mfumu nayo siingaitane gule isanalandire mzinda kuchokera kwa mfumu yoposa iyo. Ndipo khwerero lomaliza munthu salikwera ndi miyendo yake. Akamwalira, zilombo ndizo zimamperekeza, ndipo patapita miyezi, pa mpalo, zimabweranso kudzakhazika mzimu wake pakati pa makolo kuti usavutitse otsala.

Njirayi idakumana ndi mayesero aakulu. M'zaka za m'ma 1800 nkhondo za Angoni zidathamangitsira Acheŵa ambiri m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Kenaka kudafika amishoni a Dutch Reformed: A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adamanga pa Mvera, m'dziko la Chiwere, m'chaka cha 1889, ndipo Robert Blake adatsegula Kongwe mu 1894. Apa mpamene mkangano weniweni udayambira, chifukwa sukulu ndi dambwe zinkalimbirana mwana mmodzi yemweyo. Mphunzitsi ankamfuna m'kalasi ya ubatizo, atsibweni ake ankamfuna kudambwe, ndipo mbali zonse ziŵiri zinkalonjeza chinthu chimodzi: kumsandutsa munthu watsopano. Mpingo udalamula kuti Mkhristu wopita kugule achotsedwe pa mgonero. Patsogolo pake udayambitsa Chilangizo m'malo mwa chinamwali, kumene kudali kuvomereza mwakachetechete kuti mwana sangakule popanda kulangizidwa. A gule adayankha mwa njira yawo. Pabwalo padaoneka Simoni wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuŵa, padaonekanso Maliya, ndipo anthu ankaseka zinthu zimene poyamba ankaziopa.

Boma la atsamunda lidakayika kuletseratu guleyu. W.H.J. Rangeley, amene adagwirapo ntchito ya boma ku Kota Kota pamene Ntchisi idali mbali ya bomalo ndipo inkatchedwa Visanza, adalemba za Nyau za kumeneko m'magazini ya Nyasaland Journal mu 1949 ndi 1950. Mu 1965 John Gwengwe adatulutsa buku la Kukula ndi Mwambo, loŵerengedwa kwambiri m'masukulu. Ufulu utabwera mu 1964, Dr. Kamuzu Banda adakweza gule, zilombo nkumavina masana pa misonkhano ya chipani. Ulemu udalipo, komabe china chidatayika: chilombo chovinira nduna yochokera ku Lilongwe sichifanana ndi chilombo cholira maliro. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, pamodzi ndi Acheŵa a ku Zambia ndi Mozambique.

Mkangano wa pa Mvera uja sudathe. Umaonekera bwino pamaliro a nkhalamba imene idagula njira ili mnyamata, nkudzabatizidwa imvi zitamera. Akulu a mpingo amafika ndi mabuku a nyimbo, akunjira amakhala chapatali pansi pa mtengo, ndipo mwini mbumba amayenera kugamula, manda asanathe kukumbidwa, kuti malemuyo amperekeza ndani.