Ng'oma si Ngoma

Mukaima pachipata cha Mwanza n'kumayang'ana makatoni a katundu wodzera ku Beira, ambiri muwaona ali ndi zilembo za Chitchaina. Kwa ife zonse n'timizere tokhotakhota, koma eni ake amadziwa kuti kalembedwe kawo kali pawiri. Ku Taiwan, kumene Malawi anali nako pa ubale kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007, ndiponso ku Hong Kong, akugwiritsabe ntchito zilembo zamakolo. Ku China boma lidayamba kupeputsa zilembo mu 1956, ndipo mu 1964 lidatulutsa mndandanda wa zilembo zopepuka zoposa 2,000.

Cholinga chidali chabwino, kuti anthu wamba adziwe kuwerenga msanga. Chilembo cha chinjoka, 龍, cha timizere 16, chidasanduka 龙, timizere 5 tokha. Pamenepo ine ndilibe mawu. Chimene chimandiwawa ndi pamene adapanikiza mawu awiri m'chilembo chimodzi. Kale tsitsi linkalembedwa 髮, kutumiza kunkalembedwa 發. Lero ku China onse awiri ndi 发, ndipo wowerenga ayenera kuyang'ana mawu oyandikana nawo kuti adziwe chimene chikunenedwa.

Matenda omwewo atilowerera kuno, ngakhale palibe boma lidatilamula. Tikuchita tokha, ndi zala zathu pafoni, poti tafulumira. Nkhodolero tikuitaya, h tikumusiya panjira. Koma ng'oma ndi yoimba ija, pomwe ngoma ndi nyama yam'tchire ya nyanga zopota, kapena gule wa Angoni amene anthu a kwa Inkosi Kanduku amamudziwa bwino. Khola ndi mogona mbuzi, kola ndi zimene msampha umachita. Phala timamwa, koma kupala timapala moto kwa mnansi. Kachizindikiro kamodzi ndi kamene kamasiyanitsa zonsezi.

Atchaina adali ndi chifukwa: chilembo chimodzi chinkadya nthawi ya mwana. Nanga ife tikupulumutsa chiyani posiya h mmodzi? Mwana wozolowera kuona "ngombe" pachikwangwani cha butchala adzalemba zomwezo m'mayeso, ndipo sadzadziwa pamene walakwa.

Inu aphunzitsi a ku Thambani ndi pa boma, inunso olemba zikwangwani zamumsika wa Mwanza, chonde bwezerani nkhodolero ndi h pamalo pake.